Maliro a Achimwene Anadikira Chigayo

Ndinadzuka tambala asanalire. Kudzuka kwake kunali kongochotsa mutu pachipupa, pakuti tinachezera kuimba pambali pa bokosi la achimwene anga. Panja moto unali utasanduka makala, amuna atadzipinda m'mbali mwake. Ndinapita kukasuzumira m'dengu la ufa. Unali wongokuta pansi.

Chimanga chinalipo, matumba ake. Koma chigayo chathu masiku ano chili ndi nthawi zake ngati tchalitchi. Mwini wake anapangana ndi a magetsi kuti m'mawa ndi madzulo, pamene a m'tauni akusita ndi kuphika, iye azizimitsa, iwo azimutsitsira mtengo. Amagaya masana, dzuwa likamawomba pa magalasi a sola amene a magetsiwo anawayala ngati munda kutsidya kwa msewu. Dzulo lake tinatanganidwa ndi bokosi, ndipo amayi amene tinawatuma anapeza atatseka kale.

Adzukulu anali atayamba kukumba manda kusanache. Kwathu kuno adzukulu asanadye, mtembo sulowa m'manda.

Kunacha ndi mitambo yakuda bii, mwera ukuwomba, asodzi atakokera mabwato kumtunda. Anthu anayamba kufika: a pa kabaza, odzaza lole yochokera ku boma, amayi a kumpingo, anansi athu Achisilamu a ku Senga Bay atavala mikanjo. Ena ankaona anthu odzatipepesa. Ine ndinkangoona pakamwa.

Dzuwa litayenera kukhala pamutu ndinapita ndekha kuchigayo, ine mlongo wa malemu, woyenera kukhala m'nyumba ndikulira. Mwini wake anandilozera pa foni, ngati kuti ndimadziwa chilembo ngakhale chimodzi.

"Agogo, lero dzuwa kulibe, magetsi achepa. Nthambo yathu a magetsi ayamba aizimitsa."

Ndinamufunsa ngati pa foni yakeyo palibe poti n'kuwauza kuti kuno kuli maliro. Anangoika foniyo m'thumba.

Tinayamba kusaka mitondo. M'mudzi wonse tinapeza iwiri, winawo nkhuku ikuikiramo mazira. Tinasinja ife nkhalamba, chifukwa atsikana munsi amaugwira ngati ukuwotcha. Kumanda tinatumiza mbatata zophika, koma zinabwerera momwemo. Akuti mkulu wa adzukulu anati, "Kawauzeni agogo, kuno tikuswa miyala, sitikumwa tiyi."

Abusa analalikira, anamaliza, anayambiranso. Akwaya nyimbo zinawathera. Woyendetsa lole anayamba kuliza hutala, ndipo anthu a ku boma anakwera, kupita osaona manda. Adzukulu anadya nsima dzuwa litapendeka kale, ufa wake wamisere, wokanda kukhosi.

Kenako tinanyamuka. Njira ya kumanda imadutsa pansi pa nthambo zikuluzikulu zija zopita ku Lilongwe. Zinkalira ngati njuchi pamwamba pa bokosi, zodzaza ndi magetsi omwe akuti achepa. Ndinaziyang'ana mpaka khosi kuwawa.

Achimwene anakumbira manda anthu ambiri m'mudzi muno, ndipo sanathamangitsepo maliro a munthu. Iwowo tinawaika mothamanga, mphepo ikutithira mchenga m'maso, pemphero lodula, nkhata zongoponya pamodzi. Otsala tinali oti n'kukwana pansi pa mtengo umodzi.

Madzulo m'nyumba munali zii. Matumba ambiri a chimanga anali pakona, osamasula. Achimwene ankakonda kusiya swichi ili yoyatsa, kuti magetsi akabwera adziwe msanga. Ndili chikhalire, babu linangoti ngwee pamwamba pa mphasa yawo yopinda. Ndinatchera khutu kuchigayo. Chinali chete, inali nthawi yake yozimitsa.

Ndinaimirira n'kuzimitsa babulo.