Mizere Imene a Sakala Anafufuta

Lamlungu, titaweruka ku tchalitchi, tinasonkhana kwa amayi ku Mnkhanya kuti tionere disiki. Mwezi watha ndinapereka kaseti yathu yakale ya vidiyo kwa a Sakala ku Mfuwe, amene amasamutsa matepi otere kuwaika pa disiki. Pa kasetiyo panali ukwati wa achemwali anga, ndipo ndi pokhapo pamene panatsala nkhope ya malemu atate. Zithunzi zawo zapepala chiswe chinadya kalekale.

Mipando inaoneka bwino, keke nayonso. Koma atate tsiku limenelo sanakhale pansi, ankangovina. Paliponse pamene akudutsa pankangooneka chimunthu cha mitu iwiri, ngati wina wapaka chala pa inki yosauma.

Amayi anasendera pafupi ndi tivi. "Kodi atate anu ndi ati pamenepa?"

Lolemba ndinapalasa njinga kubwerera kwa a Sakala.

"Mwaswera bwanji, akulu? Mwaiona ntchito?" anatero monyadira. "Inabwera ndi mizeremizere ngati mano a chipeso. Ndinaifufuta yonse, mpaka kuti see!"

Apa ndiye panali vuto. Mnzanga wina wokonza mativi anandifotokozera pambuyo pake. Makamera akale ankajambula chithunzi pawiri: mzere uwu, kudumpha winawo, kenako n'kubwerera kudzaza modumphidwamo. Tivi imaonetsa magawo awiriwo motsatana mwaliwiro, diso silizindikira. Kompyuta imawaonetsa pamodzi, choncho munthu akasuntha amaoneka wamanomano. Si matenda ayi. Pa disiki yoonera pa tivi umangowasiya momwemo. A Sakala anaona pa kompyuta yawo, n'kusakaniza magawo awiriwo kukhala phala.

Sindikuwanena. Munthu anafuna kukongoletsa ntchito, ndipo atamva za amayi anagwira pakamwa. "Pepani. Bweretsani kaseti ija, ndibwereze."

Kasetiyo ndinali nditaisiya kwa achemwali ku Malama. Ndinaimbira alamu anga.

"Iyayi alamu, si munati zonse zalowa mu disiki?" anatero. "Tepi ija ndinaisolola, ndamangirira m'munda wa mapira. Ikamanyezimira mbalame zikuthawa, simungakhulupirire!"

Papita masabata atatu ili padzuwa la m'chigwa muno, yoduladula. Madzi akatayika saoleka.

Alamu sanalakwe kwenikweni. Kwathu kuno chinthu sichitha ntchito, chimangosintha ntchito. Tayala limasanduka nsapato, neti ya udzudzu imatchinga dimba. Wolakwa ndine, amene ndinanena kuti zonse zalowa ndisanaonere n'komwe. Zikundipweteka, sindibisa.

Koma kodi ndili ndekha? Tikangogwira chatsopano, chakale timachiyesa chinyalala tsiku lomwelo. Timajambula khadi ya sikelo ya mwana pa foni, khadiyo n'kusiyira mbewa. Foni ikagwa m'madzi timayamba kufunsana. Ndani anatiuza kuti chokopera chimaposa mwini wake?

Ngati muli ndi kaseti m'sutikesi, muuzeni wosamutsayo kuti mizere aisiye. Disiki muionere pa tivi, mpaka kumapeto, pali munthu wodziwa nkhopezo. Kasetiyo muibwezere m'sutikesi, kutali ndi alamu anu.

Dzulo mdzukulu wa amayi, amene anabadwa atate atapita kale, anafunsa kuti agogo ake aamuna ankaoneka bwanji. Amayi anayang'ana uku ndi uku, kenako analoza ine.

"Ngati awa, koma okongola."