Mayi Phyllis Nakayuni ndi Zidole Zawo

Akhristu anzanga, mwezi uno tikukumbukira Mayi Phyllis Nakayuni a ku Kaseye, amene ambiri a ife tinkawayang'ana cham'mbali. Ndikulemba ndili ndi manyazi.

Anabadwira m'banja la alimi, ndipo ali mwana ankapeka nyimbo popalira chimanga. Atakula anaphunzitsa ku pulayimale, kenaka nyumba ina ya kanema mumzinda inawatenga kuti azilemba masewero ndi nyimbo zophunzitsa ana kuwerenga ndi kusamba m'manja. Amuna awo atamwalira anabwerera kwawo, nkumatumiza zolembazo pafoni. Lamulungu ankaphunzitsa ana katekisimu, ntchito imene ankaikonda koposa.

Koma mayiwa sankatumiza sewero asanaliyese. Ankasoka zidole za masokosi, nkumaziyankhulitsa m'nyumba, mawu a mwana, mawu a mbuzi. Odutsa panjira anayamba kutsika panjinga. Mayi wokhala yekha, nanga ana akusekawo ndi a yani? Manong'onong'o anakula: akuphunzitsa ana ufiti.

Bambo Macdonald Sibale, wapampando wa tchalitchi, anawaitanitsa.

"Amama, zidolezi nzachiyani?"

"Nza ntchito yanga, adada. Ndimalemba za ana pa kanema."

"Kanemayo tinakaonera dala ku boma. Nkhope yanu mulibemo!"

"Wophika saoneka m'mbale," anayankha motero mayiwo.

Ayi ndithu, sizinamveke. Zidole anaziponya pamoto, ana a katekisimu anawalanda. Mayi Phyllis anangopulumutsa kachidole kamodzi, kambuzi kopserera khutu. Anangothokoza kuti "Yewo," nkupita. Zinawapweteka kwambiri. Komabe Misa sanaphonyepo. Ankakhala pa benchi lakumbuyo, amayi akukokera ana awo kutali, iwo nkumapempherera anawo potchula mayina awo chamumtima.

Zaka zinapita. Bambo Sibale anagula kanema wa sola, zidzukulu nkumaimba nyimbo za pulogalamu ya ana ija mpaka kuboowa. Pofuna kusunga batire, bambowo ankathimitsa nyimbo yomaliza ikangoyamba, mayina a okonza pulogalamuyo asanadutse. Tsiku lina anachedwa kudzuka pampando. Ogo! Anawerenga ndi maso awo: Wolemba, Phyllis Nakayuni.

Anapalasa njinga mtima uli m'mwamba. Anawapeza mayiwo atagona pamkeka, atatheratu ndi matenda, ndipo anagwada.

"Amama, tinakulakwirani."

"Zimenezo zisiyeni, adada. Ana ndiyambe nawo liti?"

"Lamulungu lomwe lino."

Mayiwo anamwetulira, nkuwauza bambowo kuti atenge kambuzi kaja m'thumba, akakasungire kutchalitchi. Sanafike Lamulungulo. Analandira masakramenti, ndipo anatisiya mwamtendere kolona ili m'manja.

Abale, tisamafulumire kuweruza chimene sitikuchidziwa. Lamulungu lija ana anasonkhana, mphunzitsi palibe. Bambo Sibale anaimirira kutsogolo, anavala kambuzi kopserera khutu kudzanja, nayesa kukayankhulitsa. Ana ndiwo anayambitsa nyimbo.