Matewera Amene Ndinayanika pa Nandolo

Anzanga, izi si zomva kwa ena ayi, zinandichitikira ine mwini, ndipo Mulungu ndiye mboni yanga. Chandiyankhulitsa ndi mwana wanga wamkazi amene akukhala m'tauni: wandiimbira foni kuti akufuna kugula makina oumitsa zovala, ati osadula kwambiri komanso osatchipa kwambiri, apakati, ndiye akufuna maganizo anga. Ine maganizo pa makina? Mwanayu sadziwa kuti matewera ake omwe ndi amene anatitayitsa munthu.

Inali nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ija, titathawa kumudzi kwathu chakufupi ndi Mongue n'kukabisala m'thengo, mabanja angapo m'tizisakasa taudzu. Amuna anga anali atawolokera ku Muloza, ku Malawi, kukafuna mchere, ndiye ndinatsala ndi khanda la miyezi inayi ndi mlamu wanga, mchemwali wa amuna angawo, mtsikana wamanyazi amene anali asanakwatiwe n'komwe. Kobisalako tinapangana kuti masana moto ayi, ndipo chinthu choyera chisaoneke padzuwa.

Tsono mwana anatsegula m'mimba, chiperoni nacho chinawaza masiku anayi osaleka. Matewera ndinali nawo atatu basi, ong'amba pa thumba la ufa, oyera mbee, ndipo ndinkamumanga ali chinyowere mpaka matako onse anasupuka. Ankalira mokuwa, moti anzathu obisala nawo anayamba kung'ung'udza kuti mwana ameneyu atiphetsa.

Tsiku lachisanu dzuwa linatuluka, ine n'kuchapa msangamsanga, koma poyanika ndi pati? Pathanthwe akanauma nthawi yomweyo, koma pamaoneka mpaka kumsewu. Pansi pa mitengo sakanauma, komanso amayi mukudziwa, ntchentche ija imaikira mazira pa nsalu yonyowa, mawa lake mwana mphutsi pakhungu. Ndiye ndinasankha pakati, munda wa nandolo wosiyidwa, pamene dzuwa limalowa pang'ono masamba n'kumaphimba pang'ono. Ndinadziona wanzeru, ine!

Dzuwa litapendeka tinapita awiri ndi mlamu, mwana ali kumsana, kukaanula, koma tikufika m'tsekera m'mphepete mwa mundawo mwana anayamba kufuna bere. Mlamu anati ndikhale pansi ndimuyamwitse, akatenga yekha. Sindinakane. Atangolowa m'munda, kutsidya kunatulukira amuna asanu a mfuti, ena ovala zausilikali, ena opanda nsapato, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti anali a mbali iti. Wamkulu wawo anatenga tewera limodzi, analigunditsa patsaya pake kuti amve ngati lili lonyowa, kenako anamwetulira.

Anamufunsa mlamu wanga m'Chipwitikizi, kenako m'Chilomwe, kuti mwana ali kuti ndipo anthu ena ali kuti. Mtsikana amene ankalephera kuyang'ana mlendo m'maso uja anayankha osanjenjemera kuti mwanayo anali wake, wamwalira dzulo, wangochapa kuti asunge nsalu, ndipo ali yekha. Anamumenya mbama, iye anabwereza zomwezo. Anamumenyanso, zomwezo. Basi anamusenzetsa thumba limene iwo ananyamula n'kumuika patsogolo, ndipo anadutsa pafupi ndi ine moti ndinaona minga ya chisoso itamata pa kapulana wake, chitenje chimene anavala.

Mudzafunsa kuti ndinamva chiyani. Palibe. Sindinalire, sindinapemphere, mtima unangoti zii ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Mwana ankayamwa, ine ndinkayang'ana nyerere ikukwera pa bondo langa. Atapita ndinadzuka, ndinalowa m'munda muja, ndinatola tewera limene anataya pansi, ndinaanula awiri enawo, ndinawapinda bwinobwino n'kubwerera. Nanga mwana akanavala chiyani?

Amuna anga atabwera ndinawauza kuti mchemwali wawo anagwidwa akuthyola ndiwo. Tinathawira ku Malawi, nkhondo itatha tinabwerera, iwo anayenda mpaka ku Molumbo kufunsa mudzi ndi mudzi, koma palibe anamuonapo. Amuna angawo anamwalira osadziwa kuti malo aja ndinasankha ndine, ndipo misozi imene ndinayenera kulira tsiku lija sinabwerebe mpaka pano.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti mlamu wanga ankadziwa bwino pamene ndinakhala, ndipo podutsa paja anatembenuzira nkhope kumbali dala kuti maso ake asandiulule. Ine ndinamulipira ndi bodza la ndiwo. Choncho inu amene mukuwerenga, ngati pali munthu amene anasenza tsoka lanu, uzani abale ake zoona akadali ndi moyo, musadikire ngati ine, chifukwa kumanda kulibe khutu. Ndipo chimene mwayanika nokha, kaanuleni nokha.