Pulopela ya a Zondwayo

Sindinamvetse konse chimene a Zondwayo, onola masowo ku Chikangawa, ankakanira pulopela yamtengo. Pampikisano wa tindege tathu ta rimoti ku Mzimba boma, lamulo linali lakuti pulopela ikhale ya paini, kuti izithyoka ikagunda munthu. Iwo anasula yawo ku sowo yakale.

"Akulu, imeneyi idzacheka munthu," ndinawauza.

"Mbwenu muziima patali," anatero.

Loweruka lina kandege kawo kanaleka kumvera rimoti, nkulunjika kwa amayi ogulitsa tomato. Tonse tinadzigwetsa pansi. Kanang'amba dengu, nkuzika pafupi ndi phazi la mayi wina wobereka mwana.

A Zondwayo anatola zidutswa za kandege kawoko, nakwera lole ya matabwa. Kumene anakatsikira palibe akudziwa.