Mayi Hannah Nyakamanga, Amene Anakana Kumeza Dzina

Okhulupirira akamwalira timakonda kuwasadzula minga yonse kuti aoneke osalala. Mayi Hannah Nyakamanga tisawatero, angatikalipire ali kumanda komweko. Anali mayi wopemphera, wofatsa ndi odwala, koma liuma lawo linali la mwala wa m'nyanja.

Anabadwira ku Kande m'banja la asodzi. Sukulu anaiyamba ku Bandawe, koma anailekeza atangodziwa kuwerenga Baibulo ndi buku la nyimbo, chifukwa mayi awo anadwala ndipo munda wa chinangwa unasowa mwini. Anakwatiwa ndi a Joel Longwe, amene anapita ku Joni monga amachitira amuna ambiri kuno, n'kubwerako ndi sutikesi imodzi ndi chifuwa chosamva mankhwala. Mayi Hannah anawadwazika mpaka kuwaika m'manda, osadandaula. Ana awo anawalera ndi chinangwa chomwecho: kukumba, kuviika, kuyanika, kusinja. Mwana wa mnansi akalowerera, anthu n'kumati wapita ameneyo, iwo ankayankha kuti, "Chinangwa chowawa sachitaya, amachiviika."

Atalowa Umanyano, gulu la amayi limene kumwera amalitcha Mvano, anatchuka ndi chinthu chimodzi. Popemphera sankadziwa mawu oti "ena ndi ena". Odwala ankawatchula mmodzimmodzi, dzina, mudzi ndi nthenda yomwe. Ana ankasinza, anyamata ankasuzumira mawotchi, koma iwo osafupikitsa. Wina atawauza kuti Mulungu amawadziwa kale anthuwo, anati, "Chiuta amawadziwa, inde. Oiwala ndife."

Mayesero aakulu anawapeza atakalamba, miyendo itayamba kutupa. Mumpingo mwathu munali mnyamata, Laston Makwinja, mwana wa malemu Estere, mayi wa ku Phalombe amene anabwera kuno kudzagwira ntchito yokama labala ku esiteti. Laston ankakonza mafoni pa msika wa Chintheche. Tsiku lina mnzake atamwalira pa msewu chifukwa chosowa galimoto yothamangira naye kuchipatala, Laston analemba pa Fesibuku kufunsa mkulu wina wa ndale kuti ambulasi imene analonjeza pa msonkhano inalowera kuti. Sanatukwane, anangofunsa. Sabata isanathe anabwera anthu ndi galimoto yopanda nambala, namunyamula masanasana pamodzi ndi mafoni a eni ake. Mlandu wake anati ndi wonyoza akuluakulu pa intaneti. Belo anamukaniza, ndipo tsiku la kukhoti linkangosunthidwa.

Apa mudzi unagwa mphwayi, ndipo ndinene mosabisa kuti tinachita manyazi. Anzake anafufuta nambala yake, ena anatuluka m'magulu a Watsapu amene iye analimo, zithunzi za kwaya zimene anaimapo zinasowa. Ena ankati ndi wobwera, abale ake amuone. Koma abale analibe. Tonse tinkadziwa kuti wa limandi wopanda womufunsa amaolera momwemo, ndipo akafa amangoti anadwala.

Mayi Hannah foni yawo inali ya mabatani, ndipo Fesibuku sanaionepo ndi maso. Anangophika kondowole, nsima ya chinangwa, ndi usipa, navala yunifolomu yawo ya Umanyano, nakwera minibasi.

Pa geti la ndende pali mwambo wakuti wobweretsa chakudya ayambe walawa yekha. Analawa. Msilikali anatenga kamtengo n'kuyamba kuvundula ndiwo zija, ati akufuna simu khadi.

"Fufuzani bwino, mwana wangu," anatero iwo. "Kapena Fesibuku yabisala m'mutu mwa usipa."

Msilikaliyo anaseka osafuna, nawalowetsa. Koma kuseka kunathera pomwepo. Laston anatuluka akukoka mwendo, khungu lili mphere zokhazokha, zala ziwiri zitapindika chifukwa anamumenya kuti aulule mawu otsegulira foni. Anawauza kuti m'selo amagona chokhala, wina pakati pa miyendo ya mnzake, kuti amadya kamodzi patsiku, ndiponso kuti wayamba kutsokomola.

"Amayi, musabwerenso," anatero Laston. "Akulembani dzina."

"Alilembe bwino, asaiwale Nyakamanga," anayankha iwo. "Idya."

Lamulungu lotsatira inali nthawi yawo yopempherera ovutika. Anaimirira, natchula odwala monga mwa masiku onse, kenaka anati, "Ambuye, kumbukirani Laston Makwinja, amene anafunsa funso n'kuthyoledwa zala."

Masana ake anabwera kwawo a Bernard Mhone, mkulu wa mpingo, munthu wabwino koma wamantha. Anawapeza akuyanika chinangwa pa thandala.

"Yewu, ama," anapereka moni a Mhone m'Chitonga. "Ndatumidwa ndi anzanga. Muzingoti 'amene ali m'mavuto', basi. Dzina lija litiitanira moto. Tili ndi ana ogwira ntchito m'boma."

"Ada Mhone," anatero Mayi Hannah osasiya ntchito, "tsiku la ubatizo wa mwana ameneyu abusa anati mpingo wonse uimirire, ulonjeze kumulera. Inu munaimirira kapena munakhala?"

"Ndi kale limenelo, ama."

"Munaimirira. Ndinakuonani, mutavala jekete yobwereka yosafika m'manja. Ineyo ndinaimirira tsiku limenelo, ndipo palibe wandiuza kuti ndikhale pansi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kapena mwambiwu umathera pa geti la ndende?"

A Mhone anachoka ataweramitsa mutu. Sabata yotsatira Mayi Hannah anachotsedwa pa ntchito yotsogolera pemphero. Zinawapweteka kwambiri, ndipo mwana wawo Tereza akuti anawaona akulira kuseri kwa nyumba. Koma kutchalitchi sanajombe, ndipo sanakangane ndi munthu. Ankakhala pa benchi lawo lomwelo, mutu woweramitsa. Wotsogolera akamaliza kupempherera "onse ovutika", mpingo usanati Amen, pankamveka mawu okalamba, osanjenjemera: "Ndi Laston, Ambuye."

Kwa miyezi ankanena okha. Lamulungu lina kunabwera amuna awiri achilendo ovala magalasi akuda, nakhala kumbuyo osaimba. Mayi Hannah anadzuka ndi ndodo yawo, nawapatsa buku la nyimbo atawatsegulira pa tsamba lake, nabwerera pamalo pawo. Pemphero litatha anatchula dzina lija mokweza kuposa kale. Tsiku limenelo Mayi Chrissy Manda, mnzawo wa Umanyano, anawathandiza kulitchula, ndipo posakhalitsa benchi lonse la Umanyano linkayankhira pamodzi. Kundende nakonso anazindikira kuti mnyamatayu ali ndi eni ake. Anasiya kumumenya, ndipo chifuwa chitakula anamutengera kuchipatala m'malo momusiya pakona.

Miyendo itakaniratu, Mayi Hannah ankaphikabe, chakudya n'kutumiza kundende ndi amayi anzawo Loweruka lililonse. Mvula ya chaka chino itayamba anagona osadzukanso bwino. Tsiku lawo lomaliza amayi a Umanyano anabwera masana kudzawaimbira pakhonde. Nyimbo itatha anatsegula maso nafunsa kuti, "Loweruka apita ndani?" Tereza anati apita iye, Mayi Chrissy anati apita onse. Mayi Hannah anathokoza kuti, "Yewu," napinda manja pachifuwa, nagona tulo tawo mwamtendere. Anapita osamuona mnyamata uja ali mfulu, ndipo zimenezi zimatiwawa.

Pondipatsa ntchito yolemba mbiri iyi m'kalata ya mpingo, akuluakulu ena anandipempha kuti ndinene za kudzichepetsa kwa mayiwa ndi ntchito zawo zachifundo, koma nkhani inayo ndiilambalale. Ndawamva, ndipo ndimawalemekeza. Koma nanenso ndinali m'tchalitchi tsiku la ubatizo lija, ndipo ndinaimirira.

Dzina lake ndi Laston Makwinja, mkhristu wa mpingo uno. Anafunsa za ambulasi. Mpaka lero akadali m'ndende, ndipo mlandu wake sunazengedwe.