Wilibala ya apongozi

Gulu lathu la alimi a mbatatesi ku Mlangeni linandipatsa ntchito yokhoma tizitsulo ta manambala pa katundu wake yense. Chifukwa cha phuma, kachitsulo ka nambala 14 ndinakakhoma pa wilibala yomwe ndinabwereka kwa apongozi anga aamuna.

Atabwera kudzaitenga, wapampando anawaimira kutsogolo.

"Bambo, nambalayi simukuiona? Mukufuna kutibera masanasana?"

Apongozi anatembenukira kwa ine. "Akamwini, tawauzani anthuwa."

Onse anandiyang'ana. Hamala inali ikadali m'manja mwangamu, koma ndinaopa kuoneka chitsiru pagulu. Ndinangoti, "Mawilibalatu amafanana, bambo."

Apongozi anavala chipewa chawo n'kumapita.

Lero matumba awo amanyamula paphewa. Ndikawaona patali ndikukankha nambala 14, ndimakhotera m'chimanga cha eni ake.