Sazima pa Msewu wa ku Chiponde

Tinanyamuka pa Mangochi boma dzuwa litakwera kale, koma injini ya pikapu yanga inali ikulira kuyambira m'bandakucha. Musaganize kuti ndinali ndi dizilo wotaya. Sitata inapsa nthawi ya dzinja, yatsopano inkayenera kuchokera ku Limbe, ndipo munthu amene ndinamutuma anali akubwerabe. Choncho lamulo langa linali limodzi: kuiliza kamodzi m'mawa pa mtsetse wa kunyumba kwanga, kuizimitsa kamodzi madzulo pa mtsetse womwewo. Pakati apa injini sinkapuma, kaya ndikukweza usipa ku Malindi kaya ndikumwa tiyi. Anthu a pamsika anaipatsa dzina loti Sazima, ine n'kulilandira ndi manja awiri.

Galimoto imeneyo ndinkainyadira, ndipo mpaka lero sindichita manyazi kunena. Ya dizilo ikangolira siifunanso batire, siopa katundu, ndipo imakwera pamene ya petulo imapempha madzi akumwa. Matenda ake ndinkawadziwa onse. Inkadana ndi mafuta akuda, inkatentha pa phiri, ndipo sinkalira popanda mtsetse kapena gulu la amuna okhuta.

Tsiku limenelo sindinanyamule nsomba. Zinali zaka zija anthu a ku Mozambique ankathawa nkhondo n'kudzamanga misasa ya udzu cha ku Chiponde. Mmodzi wa iwo, Che Bwanali, anamwalira kukucha pa chipatala cha pa boma. Mkazi wawo, Abiti Selemani, anali mwana wa mlongo wa Che Amidu, telala wachikulire amene ankasokera pa khonde la sitolo pafupi ndi pamene ndinkaimika galimoto. Mayiyo ankafuna kuti mwamuna wake akagone pakati pa anthu amene anathawa nawo limodzi. Kwa Asilamu mtembo sugona, ndiye tinkayenera kukafika, kupemphera ndi kuika dzuwa lisanalowe. Mtembo anali atausambitsa kale, kuukulunga mu sanda n'kuuika m'jeneza, chonyamulira maliro chimene anabwereka ku mzikiti. Mbale wina anali atatsogola pa njinga m'mamawa kukauza anthu kuti ayambe kukumba manda.

Che Amidu anandifunsa ngati Sazima itifikitsa. Ndinawauza kuti swala ya masana akapempherera ku Chiponde. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kuwonjezera Insha Allah m'malo mwanga.

Tinagwirizana kuti iwo agule dizilo wopita ndi wobwerera, zina tidzakambirana maliro atatha. Dizilo wake anakagula kwa munthu wina wa kudoko amene ankagulitsa wa mumgolo kwa eni maboti. Ine mafuta otero sindinkathira osasefa; ndinali ndi malaya akale a ntchito imeneyo basi. Koma pamene ndinkamanga jeneza kumbuyo ndi kusomeka masamba aawisi kutsogolo, achibale awiri amene ankatiperekeza anafuna kundithandiza. Pocheuka ndinapeza chigubu chili chozondoka pa thanki, iwo akumwetulira ngati achita zakupsa. Ndinawathokoza. Nthawi yokhuthula thanki panalibe.

Kutsogolo tinakhala atatu: ine, Che Amidu pakati, Abiti Selemani kukhomo atafunda nsalu mpaka kumaso. Pa mlatho wa Shire wapolisi anatiimitsa n'kulamula kuti ndizimitse injini.

"Ndizimitsa, bwana, koma okankha mukhala inuyo ndi anzanuwo."

Anaona masamba aja, anasuzumira kumbuyo, anavula chipewa n'kutikupizira dzanja kuti tizipita.

Mukaoloka mlatho, msewu wa ku Malindi ndi Lungwena umapatukira kumanzere, wathu n'kulunjika mapiri. Amene sanakwerepo Chowe ya masiku amenewo asamatsutse oyendetsa galimoto akamadzitama. Kamsewu kake kanali kokwana galimoto imodzi, kokhotakhota, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho. Pa ngodya iliyonse unkaimba hutala n'kumvetsera ngati wina akuyankha kumtunda. Apanjinga otsika ndi nkhuni ankati akaona masamba athu n'kutsika panjinga, anyani okha ndiwo sankasuntha. Sazima inkakwera pa giya yachiwiri, ikubangula, ine ndikuuza Che Amidu kuti aone okha zimene dizilo amachita.

Ndisanamalize kudzitama, injini inatsokomola. Utsi woyera unatuluka kumbuyo, mphamvu inathawa pansi pa phazi langa, kenaka zii. Ndinaponda mabuleki n'kukuwa kuti mwala. M'galimoto yanga munkakhala mwala wake wa ntchito imeneyi, ndipo mmodzi wa achibale aja analumpha n'kuutsamiza kuseri kwa tayala.

Sindinachite mantha, chifukwa matendawa ndinkawadziwa ndi dzina. Ndinatsegula boneti n'kumasula fyuluta ya mafuta. Chimene chinatuluka m'menemo chinali madzi a dzimbiri, ofiira ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinaonetsa achibale aja, iwo n'kuyang'ana kumapiri. Ndinaitsuka fyulutayo ndi dizilo woyera amene ndinkasunga m'botolo, n'kuibwezera. Ntchito yeniyeni inali yotulutsa mpweya, chifukwa dizilo salola ngakhale kathovu kamodzi m'mapaipi mwake. Umamasula kanati kapamwamba n'kumapopa ndi chala chachikulu mpaka thovu litatha, patuluke mafuta okhaokha. Ndinapopa mpaka chala chinachita dzanzi, dzuwa likundiotcha m'khosi.

Chotsala chinali kuiliza. Pa chikweza palibe munthu angakankhe galimoto kupita kumtunda, ndiye njira inali imodzi: kuisiya itsetserekere chambuyo pa giya ya livesi, n'kumasula kilachi mwadzidzidzi. Nditafotokoza zimenezi, Che Amidu anapukusa mutu.

"Munthu uyu akupita kwa abale ake, mwanangu. Wayenda kale mokwanira. Sitingamubwezenso m'mbuyo."

Sindinatsutse. Tinatsitsa jeneza. Onyamula anali atatu okha, koma amuna ena amene ankatsika ndi mitolo ya nkhuni anatula katundu wawo popanda wowapempha n'kupereka mapewa. Ananyamuka nalo chokwera, akulandirana masitepe angapo aliyense, akutchula dzina la Mulungu chapansipansi. Abiti Selemani ankatsatira patali. Amuna a nkhuniwo sankamudziwa n'komwe munthu amene ankamunyamulayo, ndipo zimenezo zinandigwira mtima.

Ndinatsala ndekha ndi phompho. Ndinachotsa mwala, kulumphira pampando, kutulutsa mutu pawindo, Sazima n'kuyamba kubwerera. Ulendo woyamba inangotsokomola. Wachiwiri, ngodya itayandikira moti ndinkaona nsonga za mitengo ya kunsi, inabangula n'kulavula utsi wakuda. Ndinaseka ndekha m'galimoto ya maliro, Mulungu andikhululukire. Nditawapeza anthu aja kumtunda, ndinaona Abiti Selemani akupatukira m'udzu atatseka makutu ndi nsalu. Ndinaganiza kuti akuthawa utsi.

Pa Namwera tinafika swala ya masana itapita kale, ndipo Che Amidu sanandikumbutse lonjezo langa. Ndinathira madzi m'ladiyeta pang'onopang'ono injini ikulira, ndinagula zitumbuwa ndi nthochi n'kudyera choimirira. Anamfedwa anakana chakudya, anangomwa madzi. Ndili mkati motafuna ndinamva Che Amidu akuitana munthu ndi mawu okwera. Pansi pa mtengo wa mango, pa wokonza njinga, panali wamthenga wathu uja. Tcheni chinamudukira pa phiri, anaikankha njingayo mpaka pamenepo, ndipo ku Chiponde anali asanafike. Kunalibe amene ankadziwa kuti Che Bwanali amwalira, ndipo manda anali asanayambe kukumbidwa.

Che Amidu anayang'ana dzuwa, kenaka anayang'ana ine. Ndinawauza kuti akweze munthuyo ndi njinga yake yomwe. Kuchokera pa Namwera msewu ndi wa fumbi koma wogona bwino, wodutsa m'minda ya fodya ndi chimanga. Apa Sazima inalipira mlandu wake wa pa Chowe. Inathamanga osatsokomola ngakhale kamodzi, jeneza atalizinga amuna atatu kuti lisagwedezeke m'mabampu.

Tisanafike pa chipata cha kasitomu tinapatukira kanjira ka mchenga kolowera ku dambo. Malo ake anali athyathyathya, ndipo maso anga, ozolowera kufunafuna mtsetse paliponse, sanaupeze. Misasa inaonekera kutsogolo, yambirimbiri, ina udzu wake udakali wauwisi. Patali ndinaona anthu: amayi pa mtondo, ana pabwalo, abambo akuluka mphasa. Titayandikira, onse anabalalika. Misi inagwa pansi, mphika unasiyidwa pamoto, amayi anakwatula ana n'kulowa m'thengo. Pofika pakati pa misasa tinapeza nkhuku zokha.

Ndinaimba hutala kuti adziwe kuti kwabwera alendo, ndipo kumeneko kunali kuwonjezera moto. Che Amidu anatsika n'kuitana m'Chiyao kuti tabwera ndi maliro, koma mawu awo ankamira m'phokoso la injini. Ndinaganiza zowatsitsa n'kubwerera kumsewu, koma nditayesa livesi matayala anayamba kukumba mchenga. Dzuwa linali litapendeka. Amuna anayi opanda makasu, osadziwa ngakhale kumene kuli manda, sakanatha kuika munthu tsiku limenelo.

Apa Abiti Selemani, amene sanayankhule chichokereni ku Mangochi, anachotsa nsalu kumaso.

"Atate, zimitsani."

Ndinayamba kuwafotokozera za sitata, za mchenga, zoti ikazima pano idzamera mizu. Anandidula mofatsa.

"Kwathu kunabwera galimoto yolira chonchi. Amene anatuluka kukaiona sali kuno. Awa akamamva chimenechi satuluka, ngakhale mpaka mawa."

Ndinakumbukira mmene anatsekera makutu pa Chowe. Tsiku lonse ndinkanyadira kubangula kwa injini yanga pafupi ndi munthu amene kubangulako kunkamubwezera kunkhondo. Ndinakoka kachingwe kozimitsira. Sazima inanjenjemera kamodzi n'kukhala chete, pamalo athyathyathya, masana, kwa nthawi yoyamba chipsereni sitata.

Mayiyo anatsika, anaima pabwalo n'kuyamba kulira maliro, akuitana apongozi ake ndi azilamu ake mmodzimmodzi ndi mayina awo. Kenaka udzu unagwedezeka, n'kutuluka bambo wina wokalamba akuyenda mokayika. Ataona jeneza anatembenukira kuthengo n'kuitana. Anthu anayamba kutuluka mbali zonse, amayi akulira, amuna akulowa m'misasa kukatenga makasu.

Manda anakumbidwa ndi manja ambiri moti fosholo yanga, imene ndinawabwereka, inkachita kulimbiranidwa. Amayi anatsala ndi namfedwa pamsasa, monga mwa mwambo wawo, amuna n'kupita ndi jeneza. Ine ndinagona chagada pansi pa galimoto kukhetsa madzi otsala m'thanki, popeza mwayi wa injini yozizira sunkandipeza kawirikawiri. Che Bwanali analowa m'manda dzuwa likadali pamwamba pa mitengo. Che Amidu pobwera anandigwira dzanja nthawi yaitali.

Amuna ochokera kumanda sanakhale pansi. Anafukula matayala, anayala udzu ndi nthambi pamchenga, anaitembenuza galimoto n'kuyamba kukankha. Anali ambiri moti tisanatuluke m'misasa liwiro linali litakwana kale. Giya inali m'malo, phazi langa lili pa kilachi likuyabwa, Che Amidu akukuwa kumbuyo kuti tsopano, tsopano. Koma m'mbali mwa galimoto munkathamanga ana omwe aja anathawa, atagwira chitseko, akuseka. Phazi sindinalichotse. Ndinatulutsa mutu n'kupempha kuti apitirize mpaka kumsewu waukulu.

Unali mtunda ndithu, ndipo mchenga sunawachitire chifundo. Palibe anafunsa chifukwa chake. Ankalandirana, wotopa kupatuka wina kulowa, monga anachitira ndi jeneza. Titafika pamsewu, pamene pamayamba kamtsetse kolowera ku Namwera, ndinadikira kuti abwerere m'mbuyo pang'ono, ndipo Sazima inalira ulendo woyamba womwewo.

Sitata yatsopano inafika patapita nthawi, ndipo dzina la Sazima linatsala ngakhale inayamba kuzima ngati galimoto ina iliyonse. Ulendo umenewo unandiphunzitsa kusapatsa munthu wina chigubu, ngakhale wamtima wabwino chotani. Unandiphunzitsanso kuti ndinkadziwa mawu onse a injini yanga koma sindinkadziwa mmene ankamvekera m'makutu a anthu ena. Zaka zotsatira ndinapitako kangapo ku misasa ija, kukatula chimanga ndi nsomba zouma. Nthawi zonse ndinkazimitsira pamphambano, n'kulowa wapansi kukawauza kuti kwabwera galimoto.